Wophunzira amene anaona cholakwika m'mabuku n'kukhala chete: lipoti la nkhani ya ku atachimenti

Chiyambi cha nkhaniyi

Ndimaphunzitsa za akawunti pa koleji ina mumzinda wa Blantyre, ndipo kuwonjezera pa ntchito ya m'kalasi ndine amene ndimayendayenda kupempha malo oti ophunzira athu a chaka chachitatu akaphunzireko ntchito, nthawi imene tonse timangoitchula kuti atachimenti. Lipotili likufotokoza za wophunzira mmodzi amene tinamutumiza ku shopu yogulitsa zipangizo za ulimi ku Limbe m'miyezi yomaliza ya chaka cha 2023, zimene zinachitika kumeneko, ndiponso zimene tinasintha m'dipatimenti mwathu chifukwa cha nkhaniyo. Mayina a wophunzirayo, a eni shopu, a banki ndi a koleji ndawasiya dala, ndipo okhudzidwa onse anamva zimene ndalembazi ndisanazitulutse.

Dandaulo loti achinyamata akutuluka m'makoleji asanapse si lachilendo kwa aliyense wa ife. Mabungwe a olemba ntchito monga ECAM ndi MCCCI akhala akulinena kwa zaka zambiri. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kusula anthu aluso pakati pa zinthu zimene dziko silingatukuke popanda izo, ndipo m'chaka chomwecho World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a pulojekiti ya SAVE, yothandiza makoleji ndi mayunivesite kuphunzitsa maluso amene akufunika pa ntchito. Boma nalo linayamba mu 2018 kutenga omaliza maphunziro a ukachenjede kuti akaphunzire ntchito m'maofesi ake. Koma liwu loti "maluso" aliyense amalimva mwake, ndipo ife m'dipatimenti mwathu tinalimva ngati likunena za kompyuta. Tinawonjezera maola a mu labu, tinaphunzitsa Excel mozama, tinapeza mapulogalamu a akawunti a Sage ndi QuickBooks, ndipo tinakhutira kuti mbali yathu tachita.

Chifukwa chimene wophunzirayu anapitira ku shopu osati ku banki chiyenera kumveka bwino. Ofuna malo a atachimenti achuluka kuposa malowo. Chiyambire mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi tikawerengera Mzuni, LUANAR ndi MUST, ndipo pamwamba pa amenewa pali makoleji ambiri a mipingo ndi a anthu wamba, onse akugogoda pa zitseko zomwezo nyengo imodzi. Mabanki ndi makampani akuluakulu owunika mabuku a chuma amatenga ochepa. Otsalawo timawatumiza ku mashopu, ku makopaletivi a alimi, ku masukulu oyima paokha ndi ku timabungwe ting'onoting'ono. Poyamba ndinkaona ngati kumeneku n'kuwachepetsa ana athu, koma ndinazindikira pambuyo pake kuti malo oterewa ndi amene ambiri a iwo adzagwireko ntchito moyo wawo wonse, ndipo olemba ntchito am'tsogolo amene timawatchula m'misonkhano ndi anthu ngati eni shopu a ku Limbe aja.

Wophunzira ndi malo amene anapita

Wophunzirayu ndi mtsikana amene anadzera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo anali mmodzi mwa atatu okhoza kwambiri m'kalasi mwake. Pa mayeso a Excel palibe anamuposa. Sankajomba, sankachedwa, ndipo pa zaka ziwiri zimene ndinamuphunzitsa sindikumbukira tsiku limene anakweza dzanja kufunsa funso, chinthu chimene nthawi imeneyo ndinkachiwerengera ngati umboni woti akumva.

Shopuyo imagulitsa feteleza, mbewu, mankhwala ophera tizilombo ndi masipuleya. Eni ake ndi bambo wachikulire amene anaiyamba atapuma pa ntchito, ndipo ndalama zimalandiridwa ndi mlamu wawo, mayi amene akhala pa kauntala kuyambira tsiku limene shopuyo inatsegulidwa. Zolemba zonse zinali m'mabuku a malisiti ndi m'makope a chikuto cholimba. Eni shopu ankafuna ngongole ku banki yoti agulire feteleza wambiri mvula isanayambe, ndipo a banki anawauza kuti abweretse ndondomeko ya malonda a miyezi isanu ndi umodzi pamodzi ndi sitetimenti ya akawunti yawo. Imeneyi ndiyo ntchito imene wophunzira wathu anapatsidwa: kulowetsa makope onse m'kompyuta, kufananitsa malonda ndi ndalama zimene zinalowa ku banki, n'kutulutsa lipoti. Inali ntchito yeniyeni, osati yojambula mapepala kapena kutumidwa kukagula mandasi ngati mmene zimakhalira ndi ophunzira ena, ndipo ndinakondwera nayo kwambiri.

Zimene zinachitika

Kulowetsa ziwerengero anamaliza m'masiku ochepa. M'sabata yachiwiri, atayamba kufananitsa, anapeza kuti pafupifupi sabata iliyonse malonda a m'malisiti ankaposa ndalama zimene zinafika ku banki, ndipo atawonkhetsa miyezi yonse kusiyanako kunali kokwana kugula matumba a feteleza makumi angapo. Anabwereza kuwerengera katatu, ndipo sanalakwitse paliponse. Zimene anachita kenako ndizo phata la lipotili. Anatenga ndalama zosowazo n'kuziika mu akawunti imene m'kalasi timaitchula kuti suspense, momwe timasungiramo kwakanthawi chiwerengero chimene sitinadziwe kumene chikuchokera, ndipo mbali ziwiri za mabuku zinalingana. Anasindikiza lipoti looneka bwino n'kulipereka kwa eni shopu, amene anamuyamikira n'kupita nalo ku banki. Sanauze munthu aliyense.

Ine ndinakamuyendera m'sabata yachinayi. Ndinakhala mphindi zosapitirira makumi awiri, chifukwa tsiku limenelo ndinali ndi ophunzira ena asanu oti ndiwaone pakati pa Limbe ndi Chirimba. Ndinamufunsa ngati zinthu zikuyenda, iye anayankha kuti, "Zikuyenda bwino, aphunzitsi." Ndinafunsa eni shopu, iwo anati mwanayu ndi waulemu ndiponso wolimbikira. Mu logibuku munalembedwa kuti walowetsa malonda ndipo wafananitsa ndi sitetimenti. Ndinasayina. Fayilo imene inali pa kompyuta patsogolo panga sindinaitsegule, ndipo ndikanaitsegula ndikanaona mzere wa suspense pasanathe mphindi imodzi.

Amene anauona ndi wogwira ntchito ku banki. Anabweza mapepala onse n'kunena kuti sangapitirize kufikira eni shopu atafotokoza kumene ndalamazo zinapita, ndipo anachita bwino kutero. Kulongosola nkhaniyo kunatenga masabata ena awiri, ndipo m'masabata amenewo, kumayambiriro a Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Mitengo ya feteleza kwa ogulitsa mopikulitsa inakwera nthawi yomweyo, kotero kuti ngongole itatuluka inagula matumba ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene eni shopu ankayembekezera. Kugwa kwa kwacha sindikumusenzetsa mwana wa sukulu, koma kuchedwa kuja kunali kwathu, ndipo amene analipira ndi munthu amene anatichitira chifundo potipatsa malo.

Eni shopu anandiimbira foni madzulo a tsiku limene mapepala anabwezedwa, ndipo m'mawa mwake ndinali ku Limbe.

Zimene ndinamva kwa anthu atatu

Ndinayamba ndi wophunzira, tili awiri kuseri kwa shopu. Sanabise kanthu. Anati, "Aphunzitsi, ndinaziona kuyambira sabata yachiwiri. Koma ndikananena, zikanamveka ngati ndikuti amayi aja akuba, chikhalirecho ndi alamu awo a bwana, ndipo ine ndine mwana, ndabwera dzulodzuloli." Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire ine, ndipo yankho lake silinandichokebe m'mutu. Anati ankaopa kuti ndiona ngati walephera kufananitsa mabuku ndipo ndimudula malikisi, popeza m'kalasi mabuku osalingana amatanthauza kuti wolembayo walakwa. Anawonjezera kuti anayesa kangapo kukonza mawu oti afunsire mayi aja, koma mawu onse a nkhaniyi amawadziwa m'Chingerezi, ndipo akawatembenuza m'Chichewa ankamveka ngati mlandu.

Kenako tinakhala pansi ndi mayi a pa kauntala, ndipo nkhani imene inatisowetsa tulo anaimasula pa kotala ya ola. Alimi ambiri a ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje amene akhala akugula pa shopuyo kwa zaka zambiri amatumiza ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya mayiwo, chifukwa ndi imene amaidziwa. Mayiwo amakatapa ndalamazo kwa ejenti, kumene zimadulidwa pang'ono, ndipo nthawi zambiri amalipira pomwepo aganyu otsitsa matumba ndi madalaivala a magalimoto obweretsa katundu, zotsalazo n'kuzipititsa ku banki pamodzi ndi za tsiku lina. Palinso alimi odziwika amene amatenga katundu pa ngongole kuti adzalipire akakolola, ndipo amalemberedwa lisiti pofuna kuti katundu atuluke m'sitolo. Zonsezi zinalembedwa, tsiku ndi tsiku, m'kabuku kakang'ono kamene mayiwo amasunga m'chikwama mwawo. Titawonkhetsa kabukuko, ndalama zosowa zija zinapezeka pafupifupi zonse. Mayiwo sanakwiye ngati mmene wophunzira ankaopera, koma anadandaula. Anati, "Nanga mwanayu osandifunsa bwanji? Timadyera limodzi nsima masana aliwonse, ndipo kabukuka kamakhala pomwepa."

Eni shopu anayankhula mwachidule. Anati iwo kompyuta saidziwa, n'chifukwa chake anapempha mwana wa ku koleji, koma chimene ankafuna kwenikweni ndi munthu woti akaona chachilendo awauze iwo asanakachite manyazi pamaso pa a banki. Anandifunsanso funso limene ndinalephera kuyankha: ngati mwanayu ndi mmodzi mwa okhoza kwambiri, kodi ku kolejiko timayesa chiyani?

Pamene panagona vuto

Titakambirana nkhaniyi m'dipatimenti, anzanga ena anafulumira kunena kuti mtsikanayu ndi wamanyazi basi, ndipo manyazi ndi chibadwa chimene koleji singachichotse. Ine sindinagwirizane nazo, ndipo mpaka lero sindigwirizana nazo. Wophunzirayu anachita ndendende zimene tinamuphunzitsa. Kuyambira ku pulayimale, kudzera pa mayeso a MSCE, mpaka m'kalasi mwanga, funso lililonse limene anakumana nalo linali ndi ziwerengero zonse zofunika pa pepala lomwelo, linali ndi yankho limodzi, ndipo kufunsa mnzake kunali kubera. Pa zaka zonsezo sanatumidwepo ngakhale kamodzi kukatenga chiwerengero chosowa kwa munthu wamoyo. Pa mayeso anga enieniwo, wophunzira amene waika kusiyana mu suspense n'kulinganitsa mabuku ankalandira malikisi, pamene amene wasiya mabuku osalingana n'kulemba kuti pakufunika kufunsa ankaluza. Tinamulipira chifukwa chokwirira dzenje kwa zaka zitatu, kenako tinadabwa atakwirira dzenje ku Limbe.

Phunziro la khalidwe la akawuntanti analikhoza bwino. Ankatha kutchula pamtima mfundo zimene bungwe la maakawuntanti a m'Malawi la ICAM limafuna kwa mamembala ake, monga kukhulupirika, kusakondera, kugwira ntchito mosamala ndi kusunga chinsinsi. Koma zitsanzo za m'mabuku athu zimanena za mkulu wa kampani yaikulu amene akukakamiza akawuntanti kubisa chinyengo, ndipo palibe chitsanzo chonena za mayi wokoma mtima amene amakugawira ndiwo masana, amenenso ndi mlamu wa bwana. Mfundozo anazisunga m'chipinda cha Chingerezi cha m'mutu mwake, pamene shopu yonse imayenda m'Chichewa.

Nkhani ya chiyankhuloyi ndi imene ndikuona kuti timainyalanyaza kwambiri. Maphunziro onse a ku sekondale ndi ku koleji ndi a m'Chingerezi, ndipo pali zifukwa zomveka, popeza malipoti a ku banki, mafomu a bungwe lotolera misonkho la MRA ndi mayeso a ukatswiri onse ali m'chiyankhulo chimenecho. Koma mwini shopu, tcheyamani wa kopaletivi, msungichuma wa mpingo ndi kasitomala amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndipo nkhani ya ndalama ndi imene imafuna kusankha mawu mosamala kuposa ina iliyonse. Timatulutsa anthu odziwa kulemba lipoti la masamba makumi atatu, koma osadziwa kunena kwa munthu wamkulu kuti, "Amayi, ndithandizeni, pali pena pamene ndasokonezeka, mwina pali buku lina limene sindinalione."

Sindikunena kuti ulemu ndiwo mdani. Mwana yemweyo amene anaphunzitsidwa kusayankha akuluakulu anamvanso kunyumba kuti safunsa anadya phula, ndipo makolo athu ali ndi njira zambiri zofikitsira nkhani yovuta kwa wamkulu popanda kumuchotsa ulemu: kufunsa ngati wofuna kuphunzitsidwa, kudikira kuti anthu achoke, kudzera mwa munthu wachitatu monga mmene ankhoswe amachitira. Njira zimenezi ndi luso la pa ntchito ndithu, ndipo ife tinazisiya kunja kwa geti la koleji ngati zinthu za kumudzi.

Tikanena za m'tsogolo, nkhaniyi ikukula. Ntchito imene wophunzirayu anaimaliza m'masiku ochepa, yolowetsa ziwerengero ndi kuzifananitsa, ndi imene makina akuilanda. Misonkho tsopano imatumizidwa pa Msonkho Online, mapulogalamu a akawunti amatha kuwerenga sitetimenti ya banki okha, ndipo mapulogalamu a AI, otsanzira nzeru za munthu, akutha kuwerenga chithunzi cha lisiti lolembedwa pamanja. Pulogalamu yotere ikanapeza kusiyana kuja mofulumira kuposa munthu, koma kabuku ka m'chikwama sikanakadziwa, ndipo sikanatha kukhala pa benchi ndi mlamu wa bwana n'kufunsa mwaulemu. Mapulogalamu amene tikuphunzitsa lero adzakhala atasintha kale, ana amenewa asanakwanitse zaka makumi atatu. Kompyuta tipitiriza kuphunzitsa, chifukwa popanda iyo munthu saitanidwa n'komwe ku intavyu, koma chimene chidzamusunge pa ntchito ndi mbali imene tinkaisiya.

Zimene tinasintha

Choyamba chimene tinayesa chinalephera. Tinayambitsa phunziro la kayankhulidwe ndi khalidwe la pa ntchito, la ola limodzi pa sabata, lokhala ndi manotsi ndi mayeso. Ophunzira analoweza makhalidwe a munthu wodziwa kuyankhula, anakhoza onse, ndipo m'kalasimo munali zii ngati kale. Tinalisiya patatha semesita imodzi.

Chimene chathandiza ndi ntchito imene ophunzira anaipatsa okha dzina loti katoni. M'semesita yotsogolera atachimenti, gulu lililonse la anthu anayi limalandira katoni ya mapepala a bizinesi yeniyeni, amene eni ake anatiloleza kujambula titafufuta mayina: malisiti othimbirira, makope olembedwa ndi manja osiyanasiyana, sitetimenti ya banki, ndi mauthenga a ndalama za pa foni. M'katoni iliyonse timachotsamo dala chinthu chimodzi chimene popanda icho mabuku sangalingane, ndipo chinthucho timachipereka kwa munthu wachikulire amene si mphunzitsi wawo, monga kalaliki wopuma pa ntchito kapena mayi wochita malonda mumsika amene wavomera kutithandiza. Ophunzira sauzidwa kuti chikusowa n'chiyani. Ayenera kuzindikira okha kuti pali dzenje, kuganiza kuti angadziwe ndani, kupempha nthawi, n'kukafunsa m'Chichewa. Achikulirewo tinawapempha kuti asapereke pepalalo kwa amene wabwera moweruza, ndiponso kuti asalipereke kwa amene wangokhala chete kudikira kuti alipatsidwe. Pomaliza gulu limalemba kalata ya tsamba limodzi m'Chingerezi, yonga yopita ku banki, kenako mmodzi wa iwo, amene timamusankha pa tsiku lomwelo, amafotokoza nkhani yomweyo pakamwa m'Chichewa kwa mphindi zitatu ngati akuuza mwini bizinesi. Gawo la malikisi limachokera kwa wachikulire uja. Chiwerengero chilichonse choikidwa mu suspense popanda mawu onena amene wafunsidwa ndi zimene wayankha sichilandira kanthu.

Ulendo woyamba magulu ambiri analinganitsa mabuku mokakamiza n'kubwera akumwetulira, ndipo atamva kuti alephera panali mkwiyo waukulu, mpaka ena anakadandaula kwa mkulu wa dipatimenti kuti tawapatsa funso losakwanira. Kudandaulako kunandisonyeza kuti vuto silinali la mtsikana mmodzi. Pofika katoni yachiwiri, magulu anayamba ndi kulemba mndandanda wa zimene sakuzidziwa asanatsegule n'komwe kompyuta.

Logibuku tinalisunga chifukwa malamulo a koleji amalifuna, koma tinawonjezera uthenga wa pa WhatsApp wa Lachisanu lililonse, woyankha mafunso atatu: wapeza chiyani chimene sukuchimvetsa, wafunsa ndani, ndipo wayankha chiyani. Amene wayankha kuti palibe masabata awiri otsatizana ndimamuimbira foni. Tisanasiye wophunzira pamalo, timapempha bwana kuti anene pamaso pa antchito onse kuti mwanayu watumidwa kudzafunsa mafunso ndipo asamuone ngati kazitape, komanso kuti atchule munthu mmodzi amene wophunzirayo azikamuuza akapeza chachilendo. Mawu ochepa amenewa, akachokera pakamwa pa mwini malo, amamasula mwana kuposa maola khumi a uphungu wanga. Ine ndikapita kukayendera, ndimayamba ndi kutsegula fayilo.

Zovuta zimene takumana nazo

Si zonse zayenda bwino. Mnyamata wina, atamva kuti kukhala chete n'kulakwa, anapeza kusiyana m'kaundula wa katundu pa malo ena n'kufunsa woyang'anira sitolo mokweza, makasitomala ali pomwepo, kuti matumba ena apita kuti. Tinachita kumuchotsa pamalopo ndi kukapepesa, ndipo malowo sanatipatsenso mwayi. Kuyambira pamenepo timathera nthawi yambiri pa kafunsidwe: nthawi yake, malo ake, ndi mawu oyambira amene amasiyira wofunsidwayo mpata wofotokoza.

Aphunzitsi anzanga achikazi anandikumbutsa chinthu chimene ndinachiphonya. Kuuza mtsikana kuti azipempha nthawi yoyankhula payekha ndi bambo wamkulu pa ntchito kuli ndi ngozi zake, ndipo ngakhale lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito, mwana amene akufuna siginecha ya bwana kuti amalize digiri sakhala ndi mphamvu zodzitetezera. Tsopano wophunzira aliyense amapatsidwa nambala ya mphunzitsi wamkazi amene angamuuze nkhani zotere, ndipo timawatsimikizira kuti kuchoka pamalo pa chifukwa chimenechi sikuwachotsera malikisi.

Anzanga ena amanenabe kuti katoni ikudya nthawi ya silabasi, makamaka kwa ophunzira amene akukonzekeranso mayeso a ukatswiri wa akawunti a ICAM kapena ACCA, ndiponso kuti malikisi ochokera kwa mayi wa mumsika ndi ovuta kuwateteza pamaso pa woyesa wochokera kunja kwa koleji kapena pamene a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, abwera kudzawunika maphunziro athu. Mfundo yachiwiriyi ndi yoona, ndipo tinaiyankha polemba pepala losonyeza zimene wachikulire ayenera kuyang'ana komanso pochepetsa gawo lake la malikisi. Yoyambayo ndimaikana, chifukwa mutu wa kufananitsa mabuku ndi sitetimenti uli kale m'silabasi, ndipo tangosintha kaphunzitsidwe kake. Vuto limene silinathe ndi la ndalama. Mashopu ambiri sapereka kalikonse kwa wophunzira, mtengo wa minibasi wakwera, ndipo ophunzira osauka amayamba kujomba m'mwezi wachiwiri, pamene ine ndili ndi mafuta ongokwanira kuyendera aliyense kamodzi. Pempho loti koleji iziika padera ndalama za maulendowa ndalipereka kawiri ndipo likudikirabe yankho.

Kumene nkhaniyi ili tsopano

Eni shopu anavomera kuti wophunzira uja amalize nthawi yake, ndipo amene anamuyankhulira kwambiri ndi mayi a pa kauntala. Wophunzirayo ndi amene analemba kalata yofotokozera banki za kusiyana kuja, ndipo anapita nayo yekha limodzi ndi kabuku. Asanachoke anathandiza shopu kutsegula nambala ya bizinesi yolandirira ndalama za pa foni, ndipo anagwirizana ndi mayiwo kuti Loweruka lililonse masana azikhala limodzi n'kulowetsa za m'kabuku m'kompyuta, aganyu ndi ngongole za alimi zikhale ndi mizere yakeyake. Alimi ena akutumizabe ku nambala yakale, koma tsopano zimalembedwa sabata yomweyo. Malikisi a atachimenti ndinamupatsa apakatikati, ndipo m'lipoti langa kwa mkulu wa dipatimenti ndinalemba kuti ulendo wanga wa sabata yachinayi sunakwaniritse cholinga chake.

Atamaliza digiri sanalembedwe ntchito ku banki kapena ku kampani yaikulu, ngakhale anafunsira. Akusunga mabuku a shopu ija masiku awiri pa sabata, ndipo eni shopu anamulozera kwa anzawo awiri a mumsewu womwewo, kotero kuti tsopano ali ndi mabizinesi atatu amene amamulipira pa mwezi, uku akulemba mayeso a ICAM. Shopuyo yalandiranso ophunzira athu ena awiri chichokereni iye. Mayi a pa kauntala ndi mmodzi mwa achikulire amene amasunga pepala losowa la m'katoni, ndipo semesita ino magulu atatu akuyenera kukwera minibasi kupita ku Limbe kukawafunsa, Lachitatu masana pamene makasitomala amachepa.